Maswiti a m'Envelopu ya Khaki

A Mwachangu ndi mesenjala. Dzinali si la makolo ayi. Anawapatsa ndi anzawo a ku ofesi chifukwa cha chidindo chofiira chomwe chimamenyedwa pa envelopu iliyonse imene amanyamula, ngakhale ya kalata yopempha matsache. Iwo analilandira ngati mendulo. Amayendadi mwachangu, koma ndi changu cha munthu wodziwa kuti kumene akupitako akapeza bwana ali ku msonkhano.

Ntchitoyi anaiyamba tsitsi lili bii, lero lachita mbuu, ndipo pa zaka zonsezi ali ndi chinthu chimodzi chodzitamira nacho: sanatsegulepo envelopu ya munthu. Makalata ochotsa anthu ntchito adutsa m'manja mwawo, okweza anthu adutsanso. Ngakhale kalata yowakaniza iwo eni njinga yatsopano anainyamula okha kuchoka m'chipinda china kukaisiya m'chipinda choyandikana nacho, n'kubwerera pa benchi yawo kukadikira kuti awaitane adzawauze zomwe zinali m'katimo.

"Mesenjala ndi mwendo, si diso," amatero akamalangiza anzawo atsopano, omwe nthawi zambiri amakhala atawerenga kale kalatayo poiyang'anitsa ku dzuwa.

Amakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa mashopu, pamodzi ndi akazi awo, omwe amachapa ndi kusita ku hotela, ndi mwana wawo mmodzi yekha, mtsikana wa ku sekondale. Mwanayu anatalika osapempha chilolezo kwa munthu, mpaka anzake anamutcha Nsungwi, ndipo aphunzitsi a masewera atangomuona akuwerama polowa pakhomo anamuika mu timu ya mpira wamanja.

Chaka china Nsungwi anayamba kuwonda, kumwa madzi ngati munda wa mpunga, ndi kugona m'kalasi. Kuchipatala anati ndi shuga.

"Shuga?" anatero a Mwachangu akazi awo atabwera ndi nkhaniyi. "Amake mwana, shuga ndi matenda a mabwana a mimba, oyenda pa galimoto. Mwana wa mesenjala wautenga kuti?"

"Ndi mtundu wina, bambo a mwana. Thupi lake lasiya kupanga insulini. Azidzibaya jakisoni tsiku ndi tsiku."

Masiku onse amene Nsungwi anali m'chipatala, amene anakhala pa benchi kumvera anamwino anali amayi ake. Anaphunzira kubaya chala, kuwerenga kamakina koyezera, kusunga mankhwala pozizira, ndi zonse zoyenera kuchita shuga akakwera kapena akatsika. A Mwachangu ankabwera madzulo ataweruka, atanyamula madzi ndi nkhope ya maliro. Pa maphunziro onsewo iwo anatolapo dzina la matenda basi, ndipo monga zimakhalira m'maofesi, kuchokera pa dzinalo anapanga lamulo: pakhomo pano shuga ndi mdani. Tiyi wawo anayamba kumwa wopanda kanthu, akukwinya nkhope mwaulemu ngati munthu amene akuimbiridwa nyimbo ya fuko.

Kenako kunabwera pulojekiti. Dzina lake linali lalitali moti pa chinsalu chomwe anapachika m'holo ya chipatala linapinda pakona: Ndondomeko Yolimbikitsa Kutengapo Mbali kwa Mabanja pa Chisamaliro cha Achinyamata Odwala Shuga Kudzera pa Foni za M'manja. Panali malaya a ulere, mlendo wolemekezeka amene anafika anthu atayamba kuwodzera, ndi mawu ambiri othokoza omwe anathokoza kale. Cholinga chake chinali chabwino ndithu. Wachinyamata aliyense azilandira mauthenga pa foni yake, ndipo munthu mmodzi wa pabanja, wotchedwa Wothandizira, azilandira zikumbutso ndi maphunziro a mawu ojambulidwa ndi anamwino.

Kalaliki wolemba maina sanafunse kuti amadziwa za matendawa ndani. Anafunsa kuti foni yamakono ali nayo ndani.

Amake Nsungwi anatulutsa kafoni kawo ka mabatani komangidwa ndi labala. Kalaliki anakayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira ntchentche mu tiyi. A Mwachangu anatulutsa foni ya ku ntchito, yopalasa ndi chala, imene anawapatsa kuti mabwana aziwapeza ngakhale ali ku chimbudzi. Basi, udindo unapita kwa mwini foni. Anabwerera kunyumba atavala malaya a pulojekiti pamwamba pa tayi.

Palibe Wothandizira amene anagwira ntchito ngati iwo. Foni ikangoti ting'i ndi chikumbutso chakuti mwana ayeze shuga, ankaimba pompo.

"Mayi wanga, wayeza?"

"Ababa, ndili m'kalasi."

"Ine ndangopereka uthenga. Wayeza?"

"Ndayeza kale."

"Wabaya?"

"Ababa, aphunzitsi akundiyang'ana."

"Uwapatse moni."

Ndipo ku chipatala ankayankha mawu amodzi omwe anawazolowera moyo wonse: Zalandiridwa. Makina a pulojekiti, omwe amawerenga mayankho osati mitima, anapeza kuti pa makolo onse panalibe wofulumira kuyankha ngati iwo. Pa msonkhano wounika mmene ntchito ikuyendera anawaitana kutsogolo n'kuwapatsa satifiketi ya Wothandizira Wachitsanzo. Ili pakhoma mpaka lero, pamwamba pa wailesi.

Koma maphunziro a mawu aja ankabwera atalembedwa pamwamba kuti ndi uthenga wokhudza mwana wanu. A Mwachangu analingalira bwinobwino. Uthenga wokhudza mwana mwini wake ndi mwanayo. Komanso Nsungwi anali namwali tsopano, ndipo anamwino akamayankhula za thupi la namwali, bambo waulemu amatuluka panja kukaona ngati mvula ikubwera. Choncho uthenga ukafika, ankautumiza kwa Nsungwi wosatsegula, n'kudikira timizere tiwiri ta pansi pa uthenga tisanduke ta buluu posonyeza kuti wauona. Timizereto tinkawasangalatsa ngati siginecha ya bwana.

"Waulandira, mayi wanga?"

"Ndaulandira, ababa."

Nsungwi ankangoti ababa akamvera amafuna kuti nayenso amvereko. Ankaona ngati ndi chikondi chotopetsa, ndipo sanalakwitse kwenikweni.

Limodzi mwa maphunziro amenewo linkanena chinthu chimene amake Nsungwi anachidziwa kalekale. Munthu wobaya insulini, makamaka wothamangathamanga pa bwalo, shuga wake amatha kutsika kwambiri. Amayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, mutu kusokonezeka, ndipo akachedwa kudya chotsekemera amakomoka. Choncho asayende opanda maswiti m'thumba. Maswitiwo ndi mankhwala. Phunziro limenelo linadutsa pa foni ya a Mwachangu mwachangu ngati onse anzake.

Tsiku lina akusoka lamba wa chikwama cha Nsungwi, pakuti kusoka zikwama ndi luso la mesenjala aliyense, chala chawo chinagunda kanthu kokhwechera m'kathumba ka pambali. Anatulutsa maswiti odzaza dzanja. Ofiira, achikasu, ndi ena a mkaka okutidwa ndi kapepala ka golide.

Anakhala pansi. Mtima unawawa ngati auponda. Mwana uja amayankha kuti "ndayeza, ababa" ndi mawu oyera, kumbali akudzipha yekha ndi dzanja lake! Anaganiza zouza amake, koma mayi woima tsiku lonse pa mbaula ya kusita sangamuwonjezere katundu wotere. Anaganiza zomufunsa mwanayo, koma manyazi a namwali ndi dzira, ukaliswa sulibwezanso. Ndiye anachita zimene boma limachita likapeza katundu woletsedwa: analanda mwakachetechete.

M'mawa mwake, Nsungwi ali ku bafa, anapisanso m'kathumba muja. Munali ena atsopano. Analanda. Mawa lakenso chimodzimodzi. A Mwachangu anayamba kukayikira kuti pali kamnyamata kena kamene kakumugulira, ndipo anyamata onse a mumsewu wawo anayamba kulandira moni wozizira osadziwa chifukwa.

Maswiti olandidwawo ankawaika mu envelopu yaikulu ya khaki. Pamwamba analemba kuti ipite kwa anamwino a pulojekiti, anaimenya chidindo chofiira chija, n'kumaiyenda nayo m'chikwama cha ntchito kuopa kuti kunyumba ingapezeke. Ankati akaipereka pa tsiku la sikelo ya Nsungwi ngati umboni. Masiku a sikelo ankafika n'kupita, envelopu ili m'chikwama, chifukwa akafika pa khomo la anamwino mtima unkakana kukanenera mwana wawo. Pomaliza anaimata ndi guluu n'kuikhoma mawaya omangira mapepala pakamwa ponse, kuti mwina ikakhala yotseka mtima ulimba. Tinene chilungamo, si maswiti onse amene anafika mu envelopumo. A mkaka aja ankasowa pa njira, monga amasowera katundu wolandidwa m'maofesi onse a pansi pano. Munthu womwa tiyi wopanda shuga ali ndi mayesero ake.

Zimene a Mwachangu sankadziwa n'zakuti wogula maswitiwo anali akazi awo omwe, ndipo mayi ndi mwana anali atakanganapo kale m'khitchini.

"Iwe, maswiti a dzulo atha kale? Ukugawira kalasi yonse?"

"Amayi, ndikulumbira, pali wakuba ku sukulu. Ndikafika pa geti ndimapeza mulibe."

Nsungwi anazolowera kugula ena pa kashopu ka pa geti la sukulu, ndipo anasiya kuyankhulana ndi mnzake wokhala naye desiki, mtsikana wosalakwa amene mlandu wake unali kukonda kutafuna.

Nthawi imeneyo timu ya sukulu inali kukonzekera ulendo wa mpikisano waukulu ku mzinda wina, wokagona komweko. Nsungwi ankaulota ulendowo masana. Koma aphunzitsi a masewera, mayi wamfupi wa wezulo pakhosi ndi mawu a munthu wamtali, anali ndi mantha.

"Kuponya umaponya, sindikukana," anamuuza. "Koma ine si dokotala. Lachisanu tikusewera ndi sukulu ya kutsidya kwa njanji. Ndikaone mmene umadzisamalira wekha. Zikandiopsa, ulendo uja utsala."

Lachinayi madzulo Nsungwi analongedza chikwama mosamala: kamakina, insulini m'kachikwama kake kozizira, buledi, botolo la madzi, ndi maswiti ochuluka kuposa masiku onse. M'mawa, iye ali ku bafa, a Mwachangu anapisa dzanja n'kugwedeza mutu. Matenda a mwanayu akukula, anatero mumtima. Envelopu inali yomata kale, koma pakona panali patatsala kampata, ndiye anakankhiramo, n'kukhomaponso waya. Basi ya timu inanyamuka Nsungwi asanafike n'komwe pa kashopu ka pa geti.

Masana a Mwachangu anapatsidwa makalata okasiya ku ofesi ina ya m'tauni. Njinga yawo, pa zifukwa zimene sanazilembe mu lipoti, inadutsira kutsidya kwa njanji. Bwalo linali kumapeto kwa sukulu, kupitirira minda ndi mulu wa njerwa, kutali ndi shopu iliyonse. Anaimika njinga kuseri kwa thanki la madzi n'kusuzumira, pakuti Nsungwi anali atawachonderera kuti asabwere.

Mwana ankasewera ameneyo! Mpira ukafika m'manja mwake ankangouika m'mphete ngati akuika kapu pa shelefu. A Mwachangu anaomba m'manja kamodzi, n'kukumbukira kuti iwo kulibe.

Chigawo chachiwiri chili pakati, Nsungwi anaphonya ali pansi penipeni pa mphete. Anapukuta nkhope. Anayang'ana manja ake. Kenako anakweza mkono, nauza aphunzitsi kuti alowetse wina, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita pomwe panali zikwama. Anakhala pansi, anabaya chala, anayang'ana kamakina. Anapisa m'kathumba ka pambali. Anapisanso. Anakhuthula chikwama chonse pa udzu.

"Madamu, shuga watsika. Maswiti anga palibe."

Aphunzitsi analiza wezulo mosafunikira. "Ali ndi switi ndani? Chakumwa chotsekemera? Atsikana inu, tsiku lonse mumatafuna ngati mbuzi, lero palibe?"

Panalibe. Onse anali ndi madzi okha, chifukwa aphunzitsi omwewo analetsa zotsekemera pa tsiku la masewera. Wina anati adye buledi, Nsungwi n'kupukusa mutu kuti buledi amachedwa. Aphunzitsi anatuma atsikana awiri kuthamangira ku msewu kukagula maswiti, ndipo aliyense ankaona kutalika kwa msewuwo.

A Mwachangu anapezeka ataima pakati pa gululo, chipewa m'manja.

"Ababa? Mwabwera?"

"Ndimangodutsa, mayi wanga. Chavuta n'chiyani?"

"Shuga watsika."

"Watsika? Si ndiye zabwino zimenezo? Si zimene takhala tikulimbana nazo?"

Aphunzitsi anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi. "Bambo, si inu a satifiketi aja? Akatsika chonchi mwanayu akomoka pompano. Akufunika switi. Maswiti amene amayenda nawo aja ndi mankhwala ake, ndipo pali mfiti ina imene ikumamubera."

Milomo ya Nsungwi inali itayera, manja akunjenjemera pa mawondo. A Mwachangu anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa envelopu ya khaki, yotupa ngati pilo. Inali yomata, yokhomedwa mawaya, ya chidindo, ndipo pamwamba pake panali dzina la ofesi ya eni ake. Dzanja linaima lokha, monga linazolowera. Linaima kanthawi kochepa chabe, koma iwo amati anamva kutalika kwake.

"Ababa," anatero Nsungwi motsitsa.

Anaing'amba ndi mano.

Maswiti anamwazika pa udzu ngati matalala, ofiira ndi achikasu, a milungu yonse ija. Atsikana anakuwa "Eee!" pamodzi ngati kwaya. Aphunzitsi anasenda angapo msangamsanga, Nsungwi n'kuyamba kutafuna. A Mwachangu anagwada pambali pake akumukupiza ndi chipewa, waya wa envelopu utawakanirira pa mlomo.

Patapita kanthawi anayezanso. Nambala inali itakwera. Anadya buledi uja, anamwa madzi, nkhope n'kubwerera mwakale. Anayang'ana mulu wa maswiti, anayang'ana chidindo chofiira pa envelopu yong'ambika, kenako anayang'ana bambo ake.

"Ababa, mfiti ija ndinu?"

"Ine ndimati ukudzipha, mayi wanga. Ndimati ndikuteteze."

"Mauthenga onse aja munkanditumizira simunkamvera?"

"Anali ako."

Nsungwi anatseka maso. Aphunzitsi anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Mtsikana wokhala naye desiki uja, yemwe anali wotchinga kumbuyo mu timuyo, anaika manja m'chiuno n'kunena kuti akudikira kupepesedwa, ndipo sakufulumira.

Nsungwi anafukula mulu uja ndi chala. "Nanga a mkaka aja ali kuti?"

"Katundu wina amaonongeka pa njira," anatero a Mwachangu akuyang'ana thanki la madzi.

Masewera anatha Nsungwi ali panja, ndipo timu yawo inagonja pang'ono. Iye ankalongedza chikwama, osafuna kufunsa za ulendo. Aphunzitsi anabwera n'kuima patsogolo pake.

"Unadzimva wekha, unatuluka wekha, unayeza wekha, ndipo sunalire. Ku mpikisano ukupita. Maswiti ena ndizisunga ine m'thumba langa." Anatembenukira kwa a Mwachangu. "Amene sindingawatenge pa ulendowu ndi bambo awa."

Kunyumba amake Nsungwi anamvetsera nkhani yonse ali chiimire, nsalu ya mbale pa phewa. Sanakalipe. Anangoyang'ana satifiketi ya pakhoma nthawi yaitali.

"Bambo a mwana, ndiye ndalama zanga za maswiti zinkathera mwa inu? Ine ndimadabwa kuti munthu womwa tiyi wopanda shuga tsaya likusalala bwanji."

"Amake mwana, nkhaniyi ili ndi mbali zambiri."

"Khalani pansi. Bweretsani foniyo."

Anaiika pa tebulo, pakati pa mchere ndi machesi, n'kuyamba kuchokera pa phunziro loyamba. Mawu a anamwino anadzaza m'nyumba. Munalibe chilichonse chofuna kuti bambo atuluke kukaona mvula. Munali za jakisoni, za chakudya, za masewera, ndi phunziro lina lonena kuti Wothandizira asamaimbire mwana foni ali m'kalasi. Pamenepo Nsungwi anapempha kuti alibwereze.

Sabata yotsatira a Mwachangu anapita ku ofesi ya pulojekiti kukapempha kuti akazi awo alembedwenso ngati Wothandizira, pakuti odziwa zinthu ndi iwowo. Kalaliki anawauza mwachisoni kuti makina amalola nambala imodzi, kuti kusintha kumafuna komiti, ndipo komiti ikudikira ndalama za gawo lachiwiri. Anawonjezera kuti sangachotse munthu wa satifiketi popanda chifukwa. A Mwachangu anamvetsa bwino lomwe. Mayankho otere akhala akuwanyamula moyo wawo wonse.

Choncho anakonza njira yawo. Madzulo alionse amafika ndi foni n'kuipereka kwa akazi awo ndi manja awiri, monga amaperekera kalata kwa bwana, koma tsopano sabwerera pa benchi. Amakoka mpando n'kumvera nawo. Ku ofesi asanduka katswiri wosapemphedwa. Bwana wina wa mimba atangodandaula za chizungulire anafunsidwa ngati wadya, n'kupatsidwa switi pamaso pa alendo. Matumba a jekete yawo amakhwechera akamayenda, ndipo nyerere za pa benchi ya mesenjala zanenepa.

Tsiku la ulendo anaperekeza Nsungwi ku basi. Atsikana ali kukwera, iwo anagwira chikwama chake.

"Ndione kaye."

"Ababa, mwayambanso?"

Anatsegula kathumba ka pambali. Maswiti analimo, odzaza. Anapisa m'jekete n'kutulutsa kaenvelopu kakang'ono, kosamata, n'kukakankhira momwemo. Nsungwi anasuzumiramo. Munali a mkaka okhaokha, a kapepala ka golide.

"Onse afika?" anafunsa.

"Pafupifupi," anatero a Mwachangu, tsaya limodzi litatupa.